Jekete la Mkono Umodzi la ba Hosea

Ku Kanyama konse, komboni ya mu Lusaka, kunalibe munthu wosawadziwa ba Hosea Chilekwa, bambo amene anasoka jekete limodzi lachikopa kwa zaka khumi ndi ziwiri, n'kumwalira lisanathe. Ena akamwalira amasiya nyumba, ena amasiya ana ophunzira. Ba Hosea anasiya jekete la mkono umodzi ndi fungo limene m'komboni muno silinamvekepo kale, ndipo silidzamvekanso.

Mukawatchula lero anthu amaseka mpaka kugwira m'mimba. Asiyeni aseke, poti sanagone nalo m'nyumba jekete limenelo. Amene anagona nalo ndi akazi awo, ba Eneless, ndipo iwowo sankaseka ngakhale pang'ono.

Matendawa anayamba mu 1974. Ba Hosea anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni, munthu wa njinga, wofatsa, wosamwa kwambiri. Tsiku lina anawatuma ndi kalata kwa Mtaliyana wina womanga misewu. Mzunguyo anasowa poika jekete lake kuti asayine, ndiye anangolikoleka pa mkono wa ba Hosea ngati pa msomali. Zinali mphindi zitatu zokha, koma munthu anabwerera kunyumba mutu utazungulira.

"Bana Nsama," anatero atangotsika panjinga. Ankawaitana choncho akazi awo potengera mwana wawo woyamba, ndipo akaziwo ankawaitana kuti bashi Nsama. "Lelo nagwila chinthu. Chofewa monga tsaya ya mwana. Chinunkhila monga mukati mwa motoka ya nyowani."

"Mwagwila unga? Chifukwa mu nyumba mulibe."

"Jekete ya chikumba, mama. Nizasoka yanga."

"Imwe? Imwe bamene batani ikachoka muyenda nayo ku nchito mu thumba?"

"Muzaona chabe."

Zaka zimenezo m'masitolo munkasowa sopo, shuga, ngakhale machesi. Jekete lachikopa linali losalota n'komwe. Munthu wanzeru akanangoiwala n'kuvala juzi. Ba Hosea anakwera njinga kupita ku Chibolya kumene amapha mbuzi, nabwerako ndi zikopa zinayi zaziwisi, ntchentche zikuwaperekeza.

Kuyambira pamenepo sankathanso kuiona mbuzi ngati mbuzi. Ikadutsa pamsewu ankaima, n'kupendeketsa mutu.

"Iyi ni kolala," ankatero. "Kaja kang'ono ni kathumba ka mukati."

Paukwati anthu akamafunsa kuti mkwatibwi ali kuti, iwo ankafunsa kuti akuphera kuti. Ankawapeza kuseri kwa nyumba atagwada pambali pa wosenda, akumupempha ngati akupempha moyo wa mwana: "Pang'ono pang'ono, mwana wanga, usaboole pa msana!" Nyama analibe nayo ntchito. Ankachoka paukwati ndi njala, chikopa chili pakaliyala, nkhope ili mwee.

Kufufuta zikopa palibe anawaphunzitsa. Anangomva kwa nkhalamba ina kuti pamafunika phulusa, makungwa ndi kudekha. Phulusa analipeza, makungwa anawapeza, ndipo mgolo anatenga wa ba Eneless, umene ankasungiramo madzi. Atatsegula mgolowo patapita milungu iwiri, anansi anasamutsa mbaula zawo kukaphikira mbali ina. Mayi wina woyembekezera anapita kukakhala kwa achemwali ake ku Matero. Ba Hosea okha ndiwo ankaweramira mumgolo n'kunena kuti zikuyenda bwino.

Zonsezi ba Eneless akanatha kuzipirira. Chimene sanakhululuke mpaka lero ndi nkhani ya mafuta ophikira, amene kuno timawatcha saladi. Kunamveka kuti m'tauni afika. Iwo anakaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anawaponda, anawakankha, patapata imodzi inaduka, koma anabwera ndi botolo limodzi atalibisa m'chitenje. Mawa lake pochokera kukatunga madzi anapeza amuna awo atakhala pampando, chikopa pa bondo, botolo lili pakati.

"Bashi Nsama! Ni chani ichi?"

"Chikumba chifuna mafuta kuti chifewe."

"Saladi yanga? Yamene naimilila tsiku yonse?"

"Nasiyako, onani. Ilipo ya masiku yabili."

"Bana badya ndiwo zamadzi mwezi wonse, imwe mudzoza mbuzi yakufa!"

"Koma gwilani muone mwamene yafewela."

Anawathamangitsa ndi mthiko mpaka pampopi. Anthu a pampopi anaseka, n'kumati banja limeneli ndi lokondana.

Koma nkhondo yeniyeni inali pa makina osokera. Ndipo apa zimveke bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse: makinawo anali a ba Eneless. Anawapatsa ndi azakhali awo ku Katete atamaliza maphunziro a zosoka ku mishoni, asanamvepo n'komwe dzina loti Hosea. Anabwera nawo ku Lusaka pabasi, miyendo yake yachitsulo ili pamwamba pa basi, mutu wake ali nawo pamiyendo ulendo wonse. Anali makina opalasa ndi mapazi, akale koma omvera. Ndiwo ankadyetsa nyumba. Malipiro a mesenjala ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo kuchokera pamenepo ana ankadya mayunifomu a sukulu, madiresi a chitenje ndi zigamba za pamatako a mathalauzi a anthu.

Atakangana kwa mwezi, anagwirizana kuti m'mawa makina ndi a mayi, ndipo bambo akaweruka kuntchito azisokako mpaka dzuwa kulowa. Ba Eneless ankasokera m'nyumba, pafupi ndi zenera, chitseko chili chotseka chifukwa cha fumbi. Ba Hosea ayi. Iwo ankakoka makinawo mpaka pakhonde, kuyang'ana kumsewu, tepi ili m'khosi, pensulo kukhutu, kuti aliyense wodutsa aone kuti pano pali ntchito yaikulu. Kuti apeze muyeso anaphwasula jekete lawo la ukwati, n'kujambula zidutswa zake pamapepala a matumba a simenti. La ukwatilo silinabwererenso mwakale.

Makina a nsalu ndi chikopa cha mbuzi sizigwirizana. Singano zinkathyoka ngati timitengo ta machesi. Januwale wina, ba Eneless ali ndi mayunifomu makumi atatu oti athe sukulu isanatsegulidwe, singano zisanu ndi ziwiri zinatha mlungu umodzi, m'dziko limene singano inkasowa kuposa nyama. Anamaliza mayunifomu asanu otsiriza ndi manja, zala zitatupa. Amuna awo ali pakhonde, akuuza anthu odutsa:

"Mashini yanga iyi ni yamphamvu. Ipyola pa chikumba monga pa pepala. Mashini yanga siikana nchito."

Mawu amenewo ankawalasa ba Eneless kuposa singano. Tsiku lina anatulukira pakhomo, manja m'chiuno.

"Bashi Nsama, mashini ni ya ndani?"

"Ni yanu, mama, ndani akana?"

"Manje chifukwa chani muuza banthu ati ni yanu?"

"Ah, bana Nsama, mwamuna angakambe pa banthu ati nabweleka kuli mukazi? Bazaniseka. Ni kukamba chabe."

"Kukamba chabe."

"Kukamba chabe, mama."

Chinthu chimodzi chokha tiwayamikire. Akamaliza ankawapukuta makinawo, kuwathira mafuta, kuwagwadira pansi n'kumakodola apa ndi apo, kenako n'kuwabwezera pazenera. Ba Eneless ankati n'chimodzimodzi munthu wokuba nkhuku n'kukusesera khola.

Pofika 1979 jekete linali ndi msana, chifuwa, kolala, matumba anayi ndi mkono wakumanja. Msana unali wa mbuzi yofiira, chifuwa cha mbuzi yakuda, ndipo paphewa panatsala ubweya umene unakana kuchoka. Mkonowo unali wa chikopa cha ng'ombe, chifukwa ba Hosea anapeza kuti cha mbuzi chimang'ambika pachigongono. Sanadikire kuti lithe. Analivala choncho, mkono wakumanzere uli pamtunda, n'kumayenda nalo mu Okutobala thukuta likuchita kuyenderera m'nsapato. Agalu ankawalondola pamzere kuyambira kunyumba mpaka kumsewu waukulu. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala ya iwo okha, ndipo ankati anthu akuwapatsa ulemu.

Kenako kunabwera tsoka la msonkhano wa chipani. Mvula inawavumba pochokera kuntchito Lachisanu, jekete linanyowa, n'kuuma usiku wonse pafupi ndi mbaula mpaka kukhala gwa ngati thabwa. Loweruka analowamo movutikira n'kupita kumsonkhano, umene unaitanidwa ndi tcheyamani wa dera lawo, ba Mukupa. Nkhani inali yoti nyumba iliyonse izituma munthu kukakumba ngalande, poti Kanyama mvula ikagwa amasanduka dambo. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo pamsonkhano munthu sankapita kukatsutsa.

"Bamene bavomela, manja mumwamba!" anatero ba Mukupa.

Manja onse m'mwamba. Ba Hosea anachita kukankha mkono wawo ndi dzanja linalo, chikopa chinalira kuti kwee, mkono unakwera.

"Manja pansi. Alipo wokana?"

Manja onse pansi, kupatula limodzi. Chikopa chinali chitakakamira paphewa.

"Ba Chilekwa, mukana?"

"Awe, ba tcheyamani, sinikana."

"Manje kwanja ichita chani mumwamba?"

"Ni jekete, ba tcheyamani."

"Jekete ndiye ikana chitukuko?"

Anyamata awiri a chipani anayesa kuutsitsa mkonowo, mmodzi mpaka analendewera. Sunatsike. Ba Hosea anabwerera kunyumba dzanja lili m'mwamba ngati akupereka moni kwa komboni yonse, ndipo anawavula ndi madzi ofunda.

Anthu amaikonda kwambiri nkhani imeneyi. Chimene saikumbukira n'chakuti mlungu womwewo ba Eneless anali atalonjezedwa ntchito yosoka zovala za amayi a chipani zovina pa tsiku la ufulu, ntchito yaikulu kuposa ina iliyonse imene anaipezapo. Lolemba anamva kuti nsalu zapita kwa telala wina. Anapita kwa ba Mukupa, anagwada, anafotokoza. Ba Mukupa anabwera kudzaliona jekete ndi maso awo, nalipeza litaima lokha pakona, mkono ukadali m'mwamba. Anakhutira kuti m'nyumbamo mulibe woukira boma, koma anagamula kuti kumsonkhano ba Hosea azibwera, jekete lizitsala. Za nsalu zija anati zinapita kale.

Ba Eneless sanawalankhule amuna awo masiku khumi. Tsiku la khumi ndi chimodzi anangofunsa funso limodzi.

"Mukono winangu uzasila liti, kuti tipumule?"

"Mulungu wa mawa, mama."

Mlungu wamawa umenewo unatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti chikopa cha ng'ombe ankachipeza. Ba Eneless ankachiona ndi maso awo chikufika, chikulowa mumgolo, chikufufutidwa, chikujambulidwa ndi pensulo. Pakapita mwezi chinkayamba kuchepa, kenako n'kuzimiririka. Loweruka masana bamboyo ankatuluka ndi kaphukusi kukhwapa, mpeni m'thumba, n'kubwera manja lendee.

"Chikumba cha mukono chili kuti?"

"Sichenze bwino. Chenze na vibowo."

"Vibowo? Kapena muli na kamukazi kamene mukonzela nsapato?"

"Ah, bana Nsama."

"Kapena mugulitsa mumwela chibuku? Kambani!"

Iwo ankangokanda m'mutu n'kumayang'ana pansi. Ba Eneless anawatchula mayina onse amene mkazi wa ku Katete amawadziwa, ndi ena amene anaphunzira ku Lusaka. Anawauza kuti ndi aulesi, osamaliza kanthu, munthu wochititsa manyazi ana ake. Zimenezi ankazinena mokweza, anansi akumva, ndipo ankaona kuti akunena zoona.

Mu Juni 1986 kunazizira kwambiri. Ba Hosea anakana juzi, anati munthu wokhala ndi jekete lachikopa savala juzi. Ankapalasa njinga m'mamawa mbali imodzi ili pamphepo. Anayamba kutsokomola, chifuwa chinatsekeka, anawagoneka m'chipatala. Ba Eneless atawapititsira phala tsiku lachisanu, anawapeza atachepa pabedi, maso okha.

"Bana Nsama," ananong'ona, "mukono wasala pang'ono."

"Yambani mwapola, imwe. Vamikono tizakamba ku nyumba."

Kunyumbako sanabwerere.

Pamaliro panadzaza anthu. Kumanda ba Mukupa analankhula bwino kwambiri, nati Kanyama wataya telala wake, munthu amene aliyense ankamuona tsiku ndi tsiku ali pa makina ake pakhonde, wosatopa. Anthu anavomera ndi mitu. Ba Eneless anali m'misozi, mawuwo sanawaike kumtima. Koma panali munthu wina amene anawasunga bwinobwino.

Ameneyo anali ba Chalwe, mng'ono wawo wa malemu, amene anatsogolera abale ochokera ku Mufulira. Pa zaka zonsezo anabwerako kamodzi kokha, ndipo anathawa tsiku lachiwiri chifukwa cha mgolo uja. Tsopano analira kuposa onse, koma akulira choncho maso ankayendayenda pa kabati, pa wailesi, pa njinga. Atangoika maliro, abale anakhala pansi kugawa katundu monga mwa mwambo wawo, woti za mwamuna zimabwerera kwa abale ake. Masiku amenewo mkazi wamasiye analibe pokadandaula. Ankayenera kukhala pamphasa, mutu pansi, n'kumaonerera nyumba yake ikutuluka pakhomo.

Bedi linatuluka, ba Eneless chete. Wailesi, njinga, mipando, mapoto aakulu awiri, chete. Kenako amuna awiri anagwira makina pazenera paja.

"Iyo siyani," anatero ba Eneless. "Iyo ni yanga."

"Ba mulamu," anatero ba Chalwe mofatsa, "tisayambane pa malilo. Mashini ni ya bakalamba banga."

"Nachoka nayo ku Katete nikalibe kukwatiwa! Bananipasa ba tete banga!"

"Bali kuti ba tete banu, batiuze?"

"Banamwalila."

"Pepa ilipo?"

Pepala lanji? Ndani ankalemba pepala popatsa mwana wa mlongo wake makina? Ba Chalwe anatembenukira kwa anansi amene anadzaza pabwalo.

"Imwe bamene munkhala kuno, tithandizeni. Ndani munali kuona pa mashini iyi?"

Anthu anayang'anana. Wina anati, "Ba Hosea." Wina anawonjeza, "Masiku yonse, apa pa khonde." Ndipo bambo wina, pofuna kulemekeza malemu, anati, "Beve beka benze kukamba ati mashini yanga."

"Kunali kukamba chabe!" anakuwa ba Eneless, ataimirira pamphasa, zimene mkazi wamasiye sachita. "Imwe ba Kasoma, yunifomu ya mwana wanu anasoka ndani? Imwe, dilesi yamene bavala bakazi banu, inachoka kuti? Ba Hosea banasokapo chani chamene munthu angavale?"

Amayi amene ankadziwa zoona anali kuseri, kumapoto, ndipo pabwalo la amuna sakanaloledwa kulankhula. Amuna amene anali pabwalopo sanamuonepo mayiyo akusoka, chifukwa ankasokera m'nyumba chitseko chotseka. Zaka zonsezo ana awo ankapita kusukulu atavala ntchito ya manja ake, koma iwo chimene ankakumbukira ndi bambo wa pensulo kukhutu amene ankawaseketsa pochokera kuntchito. Ndi zinthu zopsetsa mtima, ndipo mpaka lero ena mwa iwo amati sanalakwe, anangonena zimene anaona.

Makina anakwera wilibala kupita kokwerera basi. Pomaliza m'nyumba munatsala mphasa, mapoto ang'onoang'ono ndi jekete pamsomali. Ba Chalwe analinyamula ndi kamtengo, mphuno atatembenuzira kumbali.

"Iyi isale, ba mulamu. Muzikumbukilako bamuna banu."

Anthu atabalalika, ba Eneless analitenga jekete lija n'kuliponya padenga, pakati pa miyala yopsinjira malata. Sanawalirenso amuna awo mwezi umenewo. Ankadzuka m'mawa, n'kuyang'ana pazenera pamene panatsala mabala anayi a miyendo ya makina pasimenti, n'kuyamba kuwatukana malemu kuyambira kwa Mtaliyana uja mpaka kuchipatala.

Koma ana amafuna kudya, ndipo mu Ogasiti anthu anayamba kubwera ndi nsalu za mayunifomu. Ba Eneless anameza manyazi napita kwa ba Maud, telala mnzawo wa kuseri kwa msika, yemwe uja analandira ntchito ya amayi a chipani. Sankalankhulana kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo. Anakapempha kuti azisokerako masana, azigawana zopeza.

Anawapeza ba Maud atakhala pafupi ndi makina awo, manja pamiyendo. Lamba wachikopa amene amalumikiza gudumu lapansi ndi lapamwamba anali ataduka, womangidwamangidwa ndi waya malo atatu. Anayesa chingwe, chinkangoterereka.

"Ningakupaseni na mutima umodzi, bana Nsama," anatero ba Maud, "koma onani. Mulungu wachibili uyu. Mu tauni lamba kulibe, nayenda mashopu yonse. Kuchokela pamene banamwalila bamuna banu, tavutika."

"Bamuna banga baloba bwanji apa?"

Ba Maud anawayang'ana nthawi yaitali.

"Simuziba zoona?"

"Niziba chani?"

"Malamba yonse ya mamashini muno mu Kanyama yenze kuchoka kuli ba Hosea. Yanga, ya ba Judith ku maliketi, ya ba Nason bakulu baja bosoka matenti. Lamba ikaduka, pa Chibelu babwela na chikumba cha ng'ombe, bajuba na mpeni mozungulila, bapota, bamanga na kawaya. Ndalama bakana. Benze kukamba chabe ati musauze bana Nsama, bazanipaya, uyu ni mukono wa jekete."

Ba Eneless anakhala pabenchi osauzidwa.

"Koma yanga siinadukepo," anatero. "Lamba imodzi chabe, zaka zonse izi."

Ba Maud anaseka, kenako anagwira pakamwa poona nkhope ya mnzawo.

"Mama, lamba siipitilila zaka zibili pa nchito yamene musebenza imwe. Benze kuchinja ikalibe kuduka, mukayenda ku kwaya pa Sondo. Benze kukamba ati mashini ya bana Nsama siifunika kuima olo tsiku imodzi, ndiye idyesa bana."

"Banakamba ati mashini ya ndani?"

"Ya bana Nsama. Kuli ise benze kukamba so."

Mukuganiza kuti ba Eneless anafewa pamenepo? Simukuwadziwa. Anabwerera kunyumba akuyenda ngati akukamenya munthu. Anali ndi ukali umene sanakhalepo nawo chiyambire. Bambo ameneyu anawasiya akumutukana zaka zisanu ndi ziwiri, akumunamizira chibwenzi ndi mowa pamaso pa anansi, iye n'kumangokanda m'mutu. Zoona anakazinena kwa atelala atatu kuseri kwa msika, bodza n'kulilalikira pakhonde kwa komboni yonse. Akanangotembenuza, makina akanakhala pazenera mpaka lero.

Anabwereka makwerero, anakwera padenga okha, analitsitsa jekete litachita fumbi. Sizasi inakana. Anatenga mpeni wa malemu, anaunola pamwala, anadula mkono wakumanja uja paphewa n'kuutambasula pansi. Anayamba kucheka mozungulira monga anafotokozera ba Maud, kalamba kakang'ono kakutalika, kakutalika.

"Chipuba cha mwamuna," ankatero akucheka. "Kukamba chabe. Onani manje kukamba chabe kwanu. Munakangiwa kuniuza? Nenze kuzakudyani?"

Atafika pachigongono, pamene chikopa chinapindika potengera mkono wa mwini wake, mpeni unaima. Anakhala pansi pomwepo, chikopa pamiyendo, nalira maliro amene anawasunga miyezi iwiri. Anansi anamva, koma palibe analimba mtima kulowa.

Mawa lake makina a ba Maud anayenda. Makina a ku Katete sanabwerere. Kunamveka kuti anawagulitsa ku Mufulira mwezi womwewo. Ba Eneless analera ana awo pa makina a mwini, kufika masana ndi mtolo wa nsalu pamutu, kukhala pabenchi n'kudikira kuti ba Maud amalize zawo. Mkono uja unatulutsa malamba atatu. Ba Judith ndi ba Nason anabwera mmodzimmodzi, kuima pakhomo mwamanyazi osadziwa poyambira, ndipo aliyense anakalipiridwa kaye bwinobwino asanalandire wake. Atatha amenewo, atelala a ku Kanyama anabwerera ku zingwe zoterereka ndi timalamba ta machubu a njinga, ndipo makina akaima ankaima ndithu, popanda woti n'kumutumira mawu.

Msewu uja unasanduka msewu wamba. Anthu ochokera kuntchito ankadutsa panyumbapo osacheuka, poti panalibenso choti aone, ndipo ankafika kwawo opanda nkhani yoti akasimbe. Mwina n'chifukwa chake ankakonda kuwaimitsa ba Eneless panjira. Tsiku lina pampopi bambo wina, mmodzi wa amene anachitira umboni pabwalo paja, anayamba kusimba za msonkhano wa ngalande, akutsanzira ndi dzanja m'mwamba, anthu akugwa ndi phwete. Ba Eneless anatula ndowa yawo pansi.

"Sekani," anatero. "Munali kubaseka bali moyo, sekani na manje. Naine nenze kubatukana, kupambana imwe monse. Koma ine nenze mukazi wabo. Imwe munali bandani?"

Bambo uja anatsitsa dzanja lake pang'onopang'ono. Ba Eneless anasenza ndowa napita, chifukwa nthawi yawo ya pa makina inali itayandikira.